Bampala yonyezimira sinatulutsepo munthu m'matope

 Lero ndabwera ndi kamkwiyo, ndipo nkhani yake ndi ya zitsulo.

Loweruka lapitali kunafika mlendo pakhomo panga, mnyamata amene ndinamuphunzitsa Physical Science zaka zambiri zapitazo. Pano ndi bwana ndithu, akugwira ntchito ku Lilongwe, ndipo anabwera pa Prado imene wangoitenga kumene ku Dar es Salaam. Tisanamalize n'kulonjerana komwe anandikokera kumbuyo kwa galimotoyo. "Aphunzitsi, taonani zimene ndaikitsa." Ndinaona mapaipi awiri onyezimira ngati masupuni a paukwati, mkono wachitsulo utanyamula chitayala chachikulu, pambali pake zigubu ziwiri, ndi fosholo yofiira imene sinalaweko dothi chiigulireni. Ndinagwada n'kusuzumira kunsi. Katundu yenseyo anagwidwa ndi mabawuti anayi ang'onoang'ono, awiri mwa iwo atamangidwa pa lata la bodi. Nditagwedeza tayalalo ndi dzanja limodzi, mkono wonse unavina.

Ndinamufunsa kuti, "Bwana, zimenezi mwaikiranji?" Iye anaseka. "Zimaoneka bwino, Aphunzitsi. Galimoto imapatsa ulemu."

Yankho limenelo ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe. Ambiri mwa ife amene tagula timagalimoto ta 4x4, kaya ndi Hilux yotopa, kaya Pajero, kaya Prado, tikusankha bampala ya kumbuyo ndi chonyamulira tayala la sipeya ngati mmene timasankhira tayi ya pa Sande. Timafunsa mtengo, timayang'ana kuwala kwake, basi. Sitifunsa kuti chitsulocho chagwira pati, chikulemera bwanji, nanga chikathyoka chigwera ndani. Ine ndikuti khalidwe limeneli ndi loika miyoyo ya anthu ena pachiswe, ndipo kwa munthu amene anakhalapo m'kalasi ya sayansi ndi zochititsa manyazi.

Musaganize kuti ndikulankhula ngati woyera mtima. Ndinalakwa zomwezi, ndipo amene anavutika ndi kulakwa kwanga si ine.

M'chaka cha 2017 ndinagula Hilux yakale ndi ngongole ya ku SACCO. Tayala lake la sipeya linkakhala kunsi kwa bodi, lomangidwa ndi tcheni, monga mwa Hilux zonse. Mvula ya chaka chimenecho tayala linaphwa ndili m'matope cha ku Tsangano, ndipo sipeya inali itakwiririka pansi pa galimoto. Ndinagona chagada m'matopemo mpaka mdima, kukumba ndi manja. Nditafika kunyumba ndinalumbira kuti tayalalo lichoke kunsi. Ndinapita kwa mmisiri wina wowotcherera, ndipo anandiuza mtengo wa ntchito yabwino. Ndinakana. Ndinanenerera mpaka mtengo unatsika ndi theka, ine n'kumadziona wochenjera. Mmisiriyo sanatsutse. Anangotenga paipi ya geti ndi mahinjesi a geti, n'kundipangira geti.

Patatha miyezi isanu, ndikutsika chitunda china ndi matumba a mbatatesi, ndinamva kuti khoo kumbuyo. Pagalasi ndinaona tayala langa likudumpha lokha pamsewu, litathothoka pamodzi ndi mkono wake. Linakawomba njinga ya bambo wina amene ankakankha katundu wake m'mbali mwa msewu. Njinga inapindika, bamboyo anathyoka mkono. Mapazi owerengeka kuchokera pamenepo panali kamtsikana katabereka mng'ono wake. Ndinawatengera bambowo kuchipatala, ndinalipira njinga, ndinakapepesa kwa abale awo pamaso pa amfumu. Nyengo yokolola imeneyo bambowo sanagwire khasu. Ndalama imene ndinaipulumutsa ponenerera ndinailipira kakhumi, koma ya mkono wa munthu palibe mmene ungailipirire. Ndiye pamene ndikukalipa pano, dziwani kuti ndikuyamba kudzikalipira ndekha.

Funso loyamba, limene ogulitsa sadzakufunsani, ndi lakuti: kodi mukuzifunadi zimenezi? Zifukwa zomveka zochotsera sipeya pamalo amene anaikonzera opanga galimoto ndi zochepa. China ndi chimene chinandigwera ine: tayala la kunsi limakhula pansi podutsa m'mitsinje ndi m'ngalande, ndipo mukatitimira simungalitsitse. China ndi chakuti mwaika matayala aakulu kuposa amene galimoto inabwera nawo, moti sipeya siikwananso kunsi. Chinanso ndi cha magalimoto amene sipeya yake imakhala pa chitseko cha kumbuyo, monga Pajero, RAV4 yakale ndi ma Prado ena: mukapachikapo tayala lolemera kuposa loyenera, mahinjesi amalefuka, chitseko chimagwa mphuno, lata limang'ambika, fumbi n'kumalowa. Zifukwa zake ndi zimenezi. Ngati galimoto yanu imangoyenda kuchokera ku Area 25 kupita ku City Centre, ndipo dothi imaliona pa Khirisimasi pokha popita kumudzi, siyani tayala pamene analiika a ku Japan. Iwo anawerengetsa. Inu ndi mmisiri wanu simunawerengetse.

Tsono tiwerengetse limodzi, pakuti samu zake ndi za Fomu 3. Galimoto ili ngati thabwa lokhazikidwa pa miyala iwiri, matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Chilichonse chimene mwaika kuseri kwa matayala akumbuyo chimakanikiza kumbuyoko n'kunyamula kutsogolo, monga mmene ana amachitira posewera pa thabwa. Tiyerekeze kuti kuchokera pa matayala akutsogolo kufika akumbuyo pali mamita 3, ndipo bampala yanu ili mamita 1.2 kuseri kwa matayala akumbuyo. Bampala yachitsulo ndi mkono wake tiyiike pa makilogalamu 60. Zigubu ziwiri za dizilo za malita 20 chimodzi zikuposa makilogalamu 40. Zonse pamodzi tingoti 100. Chulukitsani 100 ndi 4.2, mugawe ndi 3. Matayala akumbuyo asenza makilogalamu 140, ndipo akutsogolo apepukidwa ndi makilogalamu 40. Apa sitinawerengere tayala lenilenilo, limene pamodzi ndi limu yake limatha kupitirira makilogalamu 30, ndipo mwalisunthira kutali kwambiri kuposa pamene linali.

Matayala akutsogolo ndi amene amakhotetsa galimoto, ndiponso ndi amene amagwira ntchito yaikulu mukaponda mabuleki. Mukawapepukitsa, chiwongolero chimayandama, makamaka pa msewu wa miyala kapena wonyowa. Magetsi akutsogolo amaloza kumwamba n'kumathobwa anzanu m'maso usiku. Masipuling'i akumbuyo amatopa msanga. Amene munakwerapo msewu wa Gorodi, kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia, mukudziwa mmene makhotakhota ake aliri: galimoto yolemera kumatako pamalo ngati amenewo imakana kumvera dalaivala nthawi imene akuifunitsitsa. Komanso galimoto iliyonse ili ndi malire a kulemera amene analembedwa pa kachitsulo kake. Makilogalamu 100 a zokongoletsera ndi matumba awiri a chimanga amene simungawanyamulenso, kapena anthu awiri. Koma ife timaika zitsulo, kenaka timanyamulabe chimangacho ndi anthu omwewo, tikupita kumaliro.

Pali bodza lina limene lazika mizu pakati pathu, lakuti chitsulo cholemera ndiye cholimba. Munthu amagogoda bampala ndi chala, ikalira mozama, amakhutira. Kulimba kwa bampala kuli pamene yagwira. Magalimoto ngati Hilux, Land Cruiser ndi Prado ali ndi chasisi, zitsulo ziwiri zazitali zoyenda kunsi zimene bodi imakhalapo. Amenewo ndiwo mafupa a galimoto. Bampala yoti inyamule tayala kapena kukokedwa iyenera kumangidwa pa chasisi, mbali zonse ziwiri, ndi zitsulo zochindikala zolowa mkati ndithu, pogwiritsa ntchito mabowo amene alipo kale. Lata la bodi silinapangidwe kuti lisenze katundu wotero. Ndipo musalole mmisiri kuwotcherera bampala mwachindunji pa chasisi pofuna kufupikitsa ntchito. Moto umasintha chitsulo pamene wadutsa, mng'alu umayambira m'mphepete mwa chowotchereracho, ndipo tsiku limene mudzafune kuichotsa bampalayo mudzachita kudula. RAV4 ilibe chasisi chotere, bodi yake ndiyo mafupa ake omwe, choncho kuipachika chibampala cha Land Cruiser ndi kusenzetsa mwana mtolo wa bambo ake.

Mabawuti nawo amalankhula, kwa amene akufuna kumva. Yang'anani pamutu pake. Bawuti yoyenera ntchito imeneyi imakhala ndi nambala 8.8 kapena 10.9. Yolembedwa 4.6, kapena yopanda nambala iliyonse, ndi ya mabedi ndi mawilibala. Kusiyana kwa mtengo wake sikukwana ndi nkhuku imodzi. Pa Prado ya mlendo wanga uja, mabawuti onse anayi anali osalala pamutu.

Tibwere pa mkono wonyamula tayala, pamene panathyokera ine. Ana athu akamapanga magalimoto a mawaya safuna pulayala kuti adule waya. Amangoupinda uku ndi uku pamalo amodzi mpaka uduke. Chitsulo chimatopa. Misewu yathu yafumbi, makamaka chilimwe ikachita timizeremizere ngati malata, imapinda mkono wa tayala kambirimbiri pa kilomita imodzi. Tayala la makilogalamu 35 lopachikidwa masentimita 60 kuchokera pa hinjesi limaipotokola hinjesiyo galimoto itangoima, nanga bwanji ikagwa m'dzenje? Mphamvuyo imawirikiza. Hinjesi ya geti inapangidwira geti limene limatsegulidwa kawiri patsiku litaima pamalo amodzi. Mkono wabwino umazungulira pa chitsulo chochindikala chokhala ndi ma bearing, ngati chija cha wilo la ngolo yokokedwa ndi galimoto, chimene mungathe kuthiramo girizi ndi kuchimanga chikayamba kugwedera.

Mbali inayo ya mkono ndi yofunika chimodzimodzi. Mkono ukatsekedwa uyenera kukhala pa chotsamira chake n'kukanikizidwa zolimba, kuti katundu asenzedwe mbali ziwiri. Chotsekera chikhale chokoka mkonowo mwamphamvu, ndipo pakhale pini yachiwiri yoti igwire ngati choyambacho chamasuka. Ukangoyamba kulira kuti gwede gwede poyenda, dziwani kuti waya uja wayamba kupindidwa. Wanga unalira milungu itatu. Ndinangokweza wailesi.

Pakhalenso pini yougwira mkonowo ukatsegulidwa. Galimoto siima pamalo osalala nthawi zonse. Mkono wosenza tayala ukabwerera wokha pachitunda ungathe kuphwanya zala za mwana amene akutsitsa chikwama. Ganiziraninso mbali imene ukutsegukira. Kuno timayenda kumanzere kwa msewu monga ku Japan, n'chifukwa chake zitseko za kumbuyo za Pajero ndi RAV4 yakale zili ndi mahinjesi kumanja: munthu amafika pa katundu kuchokera m'mbali mwa msewu, kutali ndi magalimoto odutsa. Amene amakopera zithunzi za ku America pa intaneti asamale. Kumeneko amayenda kumanja, ndipo chimene chili chanzeru kwa iwo chingakuimikeni inu pakati pa msewu wa M1 minibasi ikubwera.

Nanga bampala yeniyeniyo, ntchito yake m'thengo n'chiyani? Tengani thabwa lalitali, muike nsonga imodzi pamene tayala lakumbuyo laponda pansi, inayo muinyamule mpaka thabwalo ligunde chitsulo choyamba cha kumbuyo kwa galimoto. Ngodya imene ili pakati pa thabwa ndi nthaka ndiyo ikukuuzani kuti galimoto yanu ingatsike chitunda chotani kapena kutuluka mumtsinje wotani matako ake osakhula pansi. Bampala yabwino imakulitsa ngodya imeneyi: imakhala pamwamba, yoyandikira bodi, makona ake opendekera m'mwamba. Mapaipi onyezimira aja amachita zosiyana. Amalendewera pansi, amatulukira kunja, ndipo ndiwo oyamba kukola mwala. Akakola amapindikira m'mwamba n'kuphwanya chitseko kapena magetsi amene amati akuteteza. Mwalipira ndalama kuti galimoto yanu ya m'thengo ilephere m'thengo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono pali nkhani imene ndikufuna muimvetsetse ngakhale muiwale zina zonse, ya kukokana m'matope. Galimoto ikatitimira, anthu amabwera ndi chingwe, n'kuyang'ana chitsulo chilichonse chooneka cholimba. Kawirikawiri amakoleka pa kampira kachitsulo kokokera ngolo, kamene azungu amati tow ball. Musalole. Kampira kameneko anakapangira kukoka ngolo yoyenda pa mawilo ake, mosagwedeza. Galimoto yokanirira m'matope ikakokedwa modzidzimutsa, makamaka ndi malamba aja otamuka, kampirako kangathe kuduka pakhosi n'kuuluka ngati mwala wa pa legeni, kuloza galimoto inayo kapena anthu oonerera. Ku Australia, kumene masewera a m'thengowa ndi ofala, anthu afa nako kampira kameneka. Kwathu kuno galimoto ikatitimira mudzi wonse umasonkhana, ana patsogolo. Bampala yoyenera kutchedwa ya m'thengo iyenera kukhala ndi makutu ake okokera, achitsulo chochindikala, oloza molunjika ku chasisi, ndipo zokolekera zake zikhale zolembedwa kulemera kumene zingapirire. Kukoka kusanayambe, thamangitsani aliyense apite kutali kuposa kutalika kwa chingwecho. Adzakunenani kuti ndinu onyada. Bola akuneneni ali moyo.

Chimene chimandipweteka kwambiri m'nkhani yonseyi ndi chakuti amene amakhala pangozi si mwini galimoto. Iye ali kutsogolo, pampando wofewa, atamanga lamba. Kumbuyo kwa galimoto yanu kuli wa kabaza atanyamula mayi ndi mwana, kuli wa njinga ya makala, kuli mwana wa sukulu. Tayala likabisa nambala ya galimoto, mudzakangana ndi apolisi a pamsewu, ndipo iwo adzakhala olondola. Koma likabisa getsi la mabuleki kapena indiketa, wa kabaza uja sadziwa kuti mukuima mpaka atakuwombani. Ndipo adzawomba chiyani? Bampala ya pulasitiki imene galimoto inabwera nayo imafwamphuka n'kumwa gawo la mphamvu ya ngoziyo. Chitsulo cha makona akuthwa sichimwa kanthu, chimalowa m'bondo la munthu. Mukasuntha tayala, sunthaninso nambala ndi getsi lake kuti zioneke, onjezerani magetsi ngati ena abisika, bwezeretsani zonyezimira zofiira, ndipo makona onse akhale obulungira. Kumbukiraninso kuti tayala lili pagalasi la kumbuyo lakuchotserani maso. Pobwerera m'mbuyo pakhomo pamene pali ana, tsikani kaye mukaone.

Ndikudziwa zimene ena munene. Mudzati, "Aphunzitsi, zonse mukunenazi zikutanthauza kuti tigule zochokera kunja, za ARB kapena za ku South Africa, ndipo ndi malipiro athuwa, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndani angakwanitse?" Ena mudzati, "Ndi zimenezo, amisiri akunowa sadziwa ntchito." Nonse awiri ndikukutsutsani. Zoona, makampani akuluakulu aja amapanga bampala yoyezera mtundu umodzi wa galimoto ndipo amaiyesa, n'chifukwa chake ili yodula. Amene ali nazo ndalama agule, palibe cholakwa. Koma amisiri a ku Ndirande, ku Mchesi ndi ku Biwi amapanga ngolo, zigayo ndi mabodi a malole amene amayenda zaka ndi zaka. Bampala imene ndili nayo lero inapangidwa konkuno, yatha zaka zisanu ndi ziwiri, siinalirepo. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo wachiwiriwu ndinapita ndi pepala lojambula ndi miyeso, ndinagula ndekha mabawuti ndi ma bearing, ndinakhala pamenepo masiku awiri, ndipo mtengo umene ananena ndinalipira osanenerera.

Vuto ndi ife ogula. Timafika kwa mmisiri ndi chithunzi cha pa foni, n'kunena kuti, "Achimwene, ndikufuna ngati iyi, koma ndalama ndili nayo ndi iyi." Mmisiri ali ndi ana ofuna fizi. Sangakane ntchito. Amachotsa zimene sizioneka: chitsulo chamkati chimapyapyala, ma bearing amasanduka hinjesi, mabawuti asanu ndi atatu amakhala anayi. Zimene zimaoneka, penti ndi kuwala, amazisiya, chifukwa wadziwa kuti ndi zokhazo zimene tikuyang'ana. Timapeza chimene tapempha. Zikathyoka timati amisiri a ku Malawi ndi achinyengo. Ife aphunzitsi timadandaula tsiku ndi tsiku kuti anthu amafuna zotsatira zabwino popanda kulipira mtengo wake. Tikafika pa mmisiri timachita zomwezo.

Ena mudzati, "Ine yanga yatha zaka zitatu, palibe chachitika." Yanga inatha miyezi isanu palibe chachitika. Chitsulo chotopa sichilemba kalata. Mng'alu umayamba ngati tsitsi, pansi pa penti, n'kumakula mwakachetechete. Ngati muli nacho kale chonyamulira, tsukani matope, muyang'ane m'mphepete mwa mowotcherera monse. Kamzere ka dzimbiri kowongoka pamenepo ndi mng'alu. Gwedezani tayala ndi manja awiri. Likasuntha, musanyamuke.

Ndipo pomaliza pa zitsulozi, tayala lenilenilo. N'zomvetsa chisoni kuona munthu atawononga ndalama zambiri pa chonyamulira, n'kupachikapo tayala losalala ngati mutu wa dazi, lobisidwa m'chikwama chokongola. Sipeya ya 4x4 iyenera kukhala ya saizi imodzi ndi matayala enawo, chifukwa mawilo onse anayi akamakoka, tayala limodzi laling'ono limakakamiza magiya ndi difu kulimbana okhaokha. Limu yake ikhale yokwana pa galimoto yanu: Hilux ya 4x4, Prado ndi Pajero zili ndi mabowo asanu ndi limodzi, pamene Land Cruiser 100 ili ndi asanu. Musadzazindikire zimenezi usiku, pa Nyika, mutatsala pang'ono kufika ku Chelinda. Onaninso zaka zake. Matayala opangidwa kuyambira m'chaka cha 2000 ali ndi manambala anayi m'mbali: 1219 akutanthauza sabata ya 12 ya chaka cha 2019. Labala imakalamba ngakhale isanaponde pansi, ndipo tayala lopachikidwa panja limawotchedwa ndi dzuwa tsiku lililonse. Loposa zaka khumi musalidalire ngakhale likuoneka latsopano. Liyeseni mpweya mwezi uliwonse. Liikeni loko, pakuti tayala la panja ndi losavuta kuba, koma kiyi wa lokoyo, jeke ndi sipanala zikhale pamalo oti mungazifikire katundu ali wodzaza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Sindikudana ndi galimoto yooneka bwino. Inenso ndimatsuka yanga Loweruka lililonse. Chimene ndikukana ndi kusandutsa chida cha chitetezo kukhala chodzionetsera, kenaka ngozi yake n'kuisenzetsa munthu wosauka amene akuyenda pansi. M'midzi mwathu muno galimoto ya mphunzitsi si ya mphunzitsi yekha. Ndi imene amaigogodera pakati pa usiku mayi akayamba kudwala, ndi imene imanyamula bokosi, ndi imene imatenga timu ya mpira. Namondwe Freddy atagumula misewu ndi milatho ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu mu March 2023, amene anali ndi magalimoto otha kudutsa movuta anasanduka ambulansi osafuna. Tsiku ngati limenelo palibe amene amayang'ana kuwala kwa mapaipi. Amafunsa ngati pali pokoleka chingwe, ndi ngati sipeya ili ndi mpweya.

Choncho musanapite kwa mmisiri kapena kusitolo, khalani pansi ndi pepala. Lembani misewu imene mumayendamo zoona, osati imene mumalota. Lembani chimene chikukuvutani ndi pamene tayala lili panopa. Ngati palibe, sungani ndalama yanu mugule matayala abwino. Ngati chilipo, sankhani chinthu chopepuka chimene chingathetse vutolo, chomangidwa pa chasisi ndi mabawuti a manambala, cha mkono wozungulira pa ma bearing, cha mapini awiri, chosabisa magetsi, cha makutu okokera enieni. Mkono wachiwiri wa zigubu usiyeni pokhapokha ngati mumapitadi kumene kulibe mafuta. Funsani mmisiri mafunso, ndipo amene akukwiya ndi mafunso musamupatse ntchito. Safunsa anadya phula.

Mlendo wanga uja sanakondwe. Anati ndidakali wovuta monga kale, mmene ndinkawabwezera ma practical kuti alembenso. Ndinamuuza nkhani ya bambo wa njinga uja, imene sindinkaikamba m'kalasi chifukwa cha manyazi. Anakhala chete. Tisanadye nsima tinatsitsa tayalalo ndi zigubu zija n'kuziika mkati mwa galimoto, tinamanga ndi chingwe, ndipo anabwerera ku Lilongwe mkono uli wopanda kanthu. Dzulo wanditumizira chithunzi cha mutu wa bawuti, akufunsa ngati 8.8 akuoneka bwino. Ndamuuza kuti akuoneka, koma atumizenso chithunzi cha pamene yamangidwa.

Aphunzitsi anzanga amene muli ndi mapaipi onyezimira, ndikudziwa kuti Lolemba simundipatsa moni mu staff room. Palibe kanthu. Bwerani ndi galimotoyo pa nthawi yopuma, tigwade limodzi tisuzumire kunsi. Ngati ndalakwa, tiyi ndigula ine.